Tikufuna kukaona kumapiri a khofi: Livingstonia, Misuku kapena Ntchisi?

Mphunzitsi_wa_Bembeke
Moni nonse pagulu pano. Kuno ku Bembeke tili ndi kagulu ka banki mkhonde, anthu 14, ena aphunzitsi, ena alimi a mbatata. Pogawana mu Disembala tinapatula kandalama koti tikaonere malo, osangothera zonse pa malata ndi feteleza. Maganizo amene apambana ndi oti tipite kumapiri komwe amalima khofi, poti anzathu ena akhala akufunsa ngati khofi sangachite kuno kwathu. Kuzizira tili nako, mapiri tili nawo. Tili ndi masiku anayi mu Ogasiti sukulu zikatsekera, ndipo tichita hayala kosita. Ena akuti Livingstonia, ena Misuku, mayi wina wakakamira ku Thyolo. Amene munafikako tiuzeni zokaona, msewu wake ndi pogona. Chonde zoona zokhazokha, ndalama zake n'zosonkherana.

Kachewere265
Misuku masiku anayi pa kosita? Aphunzitsi, mapu aja mumapachika m'kalasi mumawayang'anako?

NaNgozo_wa_Lizulu
Ayankheni bwino akuluakulu, afunsa mwaulemu.

Kachewere265
Ndikuwathandiza amayi. Misuku ili ku Chitipa, kumalire ndi Tanzania. Dedza mpaka Lilongwe makilomita 85, Lilongwe mpaka Mzuzu pafupifupi 360, Mzuzu mpaka Karonga kuposa 200, ndiye muyambe wa ku Chitipa n'kukakhota pa Kapoka kukwera mapiri. Masiku awiri popita, awiri pobwera. Khofiyo mukamuonera pa windo.

Biriwiri_ku_Mzuzu
A Kachewere alankhula mokhadzula koma sananame. Ine kwathu ndi ku Biriwiri, ntchito ndiyo inandiponya ku Mzuzu, ndiye ndifotokoze mmene ndikuonera.

Khofi wa alimi ang'onoang'ono kuno ali m'magulu amene ali pansi pa Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, yomwe inakhazikitsidwa mu 2007. Maguluwo ndi Misuku, Phoka, Viphya, Nkhata Bay Highlands, South East Mzimba, komanso Ntchisi East m'chigawo chapakati. Amene amatulutsa khofi wambiri ndi a ku Misuku, zimenezo n'zosatsutsika. Koma pa masiku anayi, malo amene angakupatseni khofi ndi zoona zina pamodzi ndi ku Phoka, m'boma la Rumphi, komwe kuli Livingstonia.

Ndikanakhala ine ndikanatere. Tsiku loyamba munyamuke mbandakucha, mudutse Lilongwe kusanadzaze magalimoto, Kasungu, Jenda, kenako Chikangawa. Pa Chikangawa dalaivala asathamange, nkhungu ya m'miyezi yozizira imatseka msewu ngakhale masana, komanso pali malole a matabwa. Mugone ku Mzuzu, ndipo madzulo mukhoza kukalawa khofi pa Mzuzu Coffee Den kuti mudziwe kaye kukoma kwa chimene mukukaonacho. Tsiku lachiwiri mukwere ku Livingstonia. Tsiku lachitatu lonse likhale la kumunda ndi kumathithi, n'kutsikira ku Mzuzu madzulo. Tsiku lachinayi ulendo wobwerera.

Ku Livingstoniako muli Stone House, nyumba yamiyala imene ankakhala Dr Robert Laws, pano ndi malo osungirako zinthu zakale. Mishoniyo inayambira ku Cape Maclear mu 1875, inasamukira ku Bandawe mu 1881 chifukwa cha malungo, ndipo malungo omwewo anawathamangitsira pamwamba pa phiri ku Khondowe mu 1894. Mukalowe m'tchalitchi mukaone windo la magalasi amitundumitundu lojambulidwa David Livingstone ndi anzake. Palinso chipatala cha David Gordon Memorial ndi yunivesite imene inatsegulidwa mu 2003. Aphunzitsi mukakhala ndi zambiri zokauza ana.

Mayi_a_Mvano_Linthipe
Muonjezepo nkhani ya miyala ija. Mu 1959 nthawi ya State of Emergency, boma la atsamunda linatumiza ndege kukaponya uthenga wofunsa azungu a pamishoni ngati akufuna kuwachotsapo. Iwo pamodzi ndi anthu akuda anayala miyala pabwalo, kulemba "Ephesians 2:14" kuti wa m'ndege awerenge. Aefeso 2:14, vesi lonena kuti Iye ndiye mtendere wathu amene anagumula khoma lotilekanitsa. Malembawo alipobe pafupi ndi Stone House. Ife titapita ndi amayi a Mvano tinaimba nyimbo pomwepo.

Dalaivala_Tsangano
Zonsezo n'zabwino koma palibe amene wanena za Golodi. Aphunzitsi, mvetserani kuno. Msewu wochokera pa Chitimba kukwera ku Livingstonia ndi makilomita 15 okha, koma uli ndi makona akuthwa pafupifupi 20, wina pamwamba pa mnzake, kumbali kuli chiphedi. Pali makona ena oti galimoto yaitali sikhota kamodzi, umabwerera m'mbuyo kaye, kondakitala ali pansi ndi mwala m'manja kudikira kuika kutayala. Potsika ndiye mabuleki amatentha mpaka kununkha. Kosita yodzaza anthu 14 ndi zikwama isayerekeze. Lowerani ku Njakwa, mbali ya ku Rumphi, msewu umenewo ukwera pang'onopang'ono ndipo ukudutsitsani m'midzi momwe muli khofiyo. Wofuna kulawa Golodi akakwere pikapu za eni ake a kumeneko.

Kachewere265
Munthu wa ku Tsangano kuopa phiri? Nanga Khwekhwelele mumatsika bwanji popita ku Golomoti?

Dalaivala_Tsangano
Khwekhwelele ndi tala achimwene, ndipo magalimoto awiri amapatukirana. Pitani mukaone Golodi mudzandiuze.

Chongoni_Boy
Ine ndiye zimandinyansa. Anthu a ku Bembeke kuwotcha mafuta ulendo wonsewo, pomwe ndikafunsa pano kuti ndi angati anafikako ku Chentcherere kapena ku Namzeze, manja sakwana asanu. Zojambula za pamiyala za ku Chongoni zinalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006, malo 127, zofiira za Akafula ndi zoyera za makolo athu Achewa zokhudza chinamwali ndi Nyau. Azungu amachoka kutali kudzaona Mphunzi. Phiri la Dedza ndi lotalika mamita 2,198, ukafika pamwamba umaona Mozambique. Ku Mua kuli Kungoni ndi nyumba ya Chamare yodzaza ndi zigoba za Gule Wamkulu. Zonsezi mukhoza kuzungulira ndi theka la ndalamazo, chenji n'kudyera pa Dedza Pottery.

Mphunzitsi_wa_Bembeke
A Chongoni, ku Mua timapita ndi ana asukulu, ku Chentcherere tinafikako. Funso lathu ndi la khofi. Ku Namzeze kulibe munda wa khofi.

Chongoni_Boy
Chabwino, inu munafikako. Koma funsani anthu 13 enawo.

NaNgozo_wa_Lizulu
Iiii koma a Chongoni nkhani iliyonse pagulu pano amaikokera kuphanga. Tsiku lina tidzafunsa mtengo wa kabichi adzatiyankha za Akafula.

Biriwiri_ku_Mzuzu
Poti mwatchula mapanga, ku Livingstonia nakonso liliko. Mathithi a Manchewe ali pamtunda wa makilomita anayi kuchokera pamishoni, madzi amagwa mamita 125, ndiwo atali kuposa onse m'Malawi. Kuseri kwa madziwo kuli phanga lomwe Aphoka ankabisalamo pothawa nkhondo za Angoni. Kanjira kotsikirako n'koterera, mumagwira mizu ya mitengo, ndipo anyamata a pamudzipo amaperekeza alendo pa kandalama pang'ono. Mukalowa mumaona madzi akugwa kutsogolo kwanu, phokoso lake simumvana. Amayi avale nsapato zomanga, osati masilipasi. Amene ali ndi miyendo yolimba akhoza kukweranso phiri la Chombe, pamwamba pake nyanja imaoneka yonse mpaka mapiri a ku Tanzania kukakhala kopanda chifunga. Pogona pali malo a mishoni, komanso Lukwe ndi Mushroom Farm cha kufupi ndi mathithiwo. Gulu la anthu 14 muimbiretu foni, musangotulukira.

Kachewere265
Mwamva a NaNgozo? Mukakafika kuphangako mukapepese, azigogo anu ndi amene ankathamangitsa anthu.

NaNgozo_wa_Lizulu
Musatinamizire bambo. Amenewo ndi Angoni a kwa M'mbelwa, a Jere, amene anawoloka Zambezi ndi Zwangendaba mu 1835. Ife ndife a Maseko, a kwa Gomani, tinayenda njira yathuyathu, mpaka ku Songea n'kubwerera kudzakhala ku Domwe. Ku Phoka sitinapondeko.

Kachewere265
Ndiye amene anakwezera Achewa pamwamba pa mapiri kuno ndi ndani?

NaNgozo_wa_Lizulu
Imeneyo ndi nkhani ina. Bwerani ku Nkolimbo pa Umhlangano tidzakambirane muli ndi chipanda m'manja.

Admin_Kampepuza
Abale, za Angoni ndi Achewa zili ndi tsiku lake. Tibwerere kwa aphunzitsi.

Mlangizi_Opuma
Zikomo a Admin. Ine ndinagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi, ndiye ndiyankhe mbali imene yabisala m'funso la aphunzitsi, yoti kodi khofi angachite ku Bembeke. Chifukwa ngati cholinga ndi chimenecho, kokaona kwenikweni si Stone House ayi, ndi munda wa mlimi ndi pamalo pomwe amakagulitsa.

Ogasiti mwasankha bwino. Khofi wa Arabica kumpoto amathyola kuyambira cha mu Meyi mpaka Seputembala, kumalo okwera kwambiri mpaka Okutobala, ndiye mukapeza ntchito ili mkati. Satola onse nthawi imodzi. Panthambi imodzi pamakhala zipatso zobiriwira, zachikasu ndi zofiira, ndipo wothyola amasankha zofiira zokhazokha, n'kudzabweranso pamtengo womwewo patapita masiku. Madzulo a tsiku lomwelo amasenza kupita nazo ku pulpery, komwe amaziyala pansi n'kusankhanso, kuyeza pa sikelo, kenako kuthira m'madzi. Zoyandama amazipatula chifukwa n'zopanda kanthu m'kati kapena zoboola tizilombo. Makina amachotsa khungu lofiira lija, njere zimagona m'thanki kuti thelele lake lisungunuke, m'mawa amatsuka, n'kukayanika pa matebulo a waya okwera m'chiuno. Pamenepo amayi amakhala akutembenuza ndi manja, dzuwa likakula amafunditsa, usiku amafunditsanso. Zimatenga masabata awiri kapena kuposerapo. Makilogalamu asanu kapena asanu ndi limodzi a zipatso zofiira ndiwo amatulutsa kilogalamu imodzi ya khofi wogulitsa kunja. Mlimi wa mbatata akaona zimenezi ndi maso ake adzadziyankha yekha ngati angazithe.

Tsono za kwathu kuno. Kutalika kwa malo tili nako ndithu, tauni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600. Vuto ndi madzi. Ku Misuku ndi kumapiri a Nkhata Bay mvula imagwa yambiri ndipo imachedwa kusiya, pomwe kuno ikasiya mu Epulo timadikira mpaka Novembala kapena Disembala. Mtengo wa khofi sugona ngati munda wa chimanga, umafuna chinyezi chaka chonse, ndiye pafunika kuthirira, kuphimbira ndi udzu, ndi mthunzi. N'chifukwa chake kumeneko mukaona khofi ali pakati pa nthochi. Chachiwiri, chisanu cha m'madambo mu Juni ndi Julayi chimawaula masamba. Chachitatu, mtengo umayamba kubereka patatha zaka zitatu, pomwe mbatata miyezi itatu kapena inayi mwakumba, ndalama ili m'thumba. Palinso mbozi yoboola tsinde imene yapha minda yambiri, chiwawu cha masamba, ndi matenda odetsa zipatso. Mukafunse alimiwo za mitundu imene amabzala, Geisha, Catimor ndi Nyika, ndipo akuuzeni chifukwa chimene ena anasiyira Geisha ngakhale amakoma kwambiri. Podutsa ku Mzuzu, ngati nthawi ilipo, pa Lunyangwa pali siteshoni ya kafukufuku wa zaulimi.

Chomaliza, ndipo ichi ndicho chachikulu: khofi salimidwa ndi munthu mmodzi. Popanda pulpery pafupi ndi gulu logulitsira pamodzi, zipatso zofiira zija zimayamba kuwonongeka pasanathe tsiku. Anthu 14 simungadzaze thanki.

Mphunzitsi_wa_Bembeke
Wawa a Mlangizi. Izi ndikawerengera gulu lonse Lamlungu.

Mtsikana_wa_Ntchisi
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma mukutidumpha dala. Ngati nkhani ndi yofanizira ndi Dedza, malo oyenera ndi Ntchisi, osati Rumphi. Nyengo yake ndi yoyandikana ndi yanu, alimi ake amalankhula Chichewa, mukafunsa funso lililonse popanda womasulira. Ku Phoka agogo amene akudziwa khofi bwino akakuyankhani m'Chitumbuka, ku Misuku m'Chisukwa. Kuchoka ku Dedza m'mawa, kudzera Lilongwe ndi Mponela, nkhomaliro mukadyera ku Ntchisi. Nkhalango ya Ntchisi ili pomwepo, mitengo ikuluikulu ya chilengedwe yokhala ndi zingwe zolendewera, apusi ndi mbalame. Nyumba ya alendo imene ili m'mbali mwa nkhalangoyo inamangidwa mu 1914 ngati nyumba ya DC wachitsamunda, ndipo kukacha bwino umaona nyanja cha ku Nkhotakota. Ndalama ya mafuta imene mungapulumutse mukhoza kugula mbande.

Biriwiri_ku_Mzuzu
Achemwali, za chilankhulo musawaopseze. Ku Rumphi anthu ambiri amamva Chichewa, ukangoyamba ndi "monire" basi mwagwirizana. Koma za kufanana kwa nyengo mwanena zoona.

Mtsikana_wa_Ntchisi
Kumva amamva. Koma munthu akamafotokoza za munda wake amafuna chilankhulo chake.

Kachewere265
Anthu asonkha ndalama chaka chonse kuti akaone dziko, inu mukuti akathere pa Mponela?

Mtsikana_wa_Ntchisi
Mponela ili ku Dowa bambo. Nanunso mapu aja muwayang'aneko.

Ankolo_a_Mlangeni
Mayi amene akakamira ku Thyolo aja ndiwaikire kumbuyo, poti pano alibe owalankhulira. Khofi m'dziko muno anayambira kummwera. Mu 1878 Jonathan Duncan anabweretsa mbande kuchokera ku Edinburgh kudzabzala pa mishoni ya Blantyre, ndipo John Buchanan anakulitsa ulimiwo ku Zomba. Pofika cha m'ma 1900 khofi ndiye anali mbewu yaikulu yogulitsa kunja, mpaka mtengo wa khofi unajambulidwa pa chizindikiro cha boma la atsamunda. Kenako mitengo inagwa pamsika wa dziko lonse chifukwa cha khofi wochuluka wa ku Brazil, tizilombo ndi chilala zinaonjezera, azungu aja n'kutembenukira ku fodya, thonje ndi tiyi. Ku Satemwa, esiteti imene Maclean Kay anayamba mu 1923, amalima tiyi ndi khofi yemwe, ndipo amalandira alendo kukalawa. Kuchoka ku Ntcheu ndi tala yekhayekha, Zalewa, Blantyre, Limbe, Thyolo. Tsiku lotsatira mukhoza kukafika ku Likhubula patsinde pa phiri la Mulanje n'kukasamba pa Dziwe la Nkhalamba.

Mlangizi_Opuma
Mbiri mwaiyala bwino ankolo. Koma ku esiteti akaona ulimi wa kampani, wa mathirakitala, madamu ndi antchito mazanamazana. N'kokongola kukajambulitsa, koma mlimi wa ekala imodzi sakatengako phunziro loti akagwiritse kwawo.

Ankolo_a_Mlangeni
Si onse 14 akufuna phunziro. Ena akufuna kujambulitsa komweko.

NaNgozo_wa_Lizulu
Ine funso langa ndi lina. Khofi yenseyu timalima, koma ndi angati pano amamwa? Kwathu m'mawa ndi tiyi wa mkaka ndi mbatata yophika. Mwana wanga anandibweretsera paketi ya khofi wa ku Mzuzu, ndinathira m'kapu ngati uja wa m'kabotolo, zinangoyandama pamwamba, kumwa kwake kumachita kulavula.

Biriwiri_ku_Mzuzu
Amayi, ameneyo sasungunuka. Wiritsani madzi, muphule, dikirani pang'ono, thirani masupuni awiri pa kapu, vundikirani mphindi zinayi, kenako sefani ndi kasefa ka tiyi komweko. Shuga ndi mkaka mmene mumakondera.

NaNgozo_wa_Lizulu
Paketiyo ikadalipo pamwamba pa kabati. Ndiyesa mawa.

Misuku_ndinakhalako
Ndafika mochedwa, ndipo ndaona kuti Misuku mwaitaya msanga. Ndikuvomereza kuti masiku anayi sakwana. Koma ndisanene bodza, amene sanafike ku Misuku sanaone dziko la khofi. Mapiri ake ndi otsetsereka moti minda anaidula masitepe, khofi mizere mizere, nthochi pamwamba pake, nyumba zili pamsonga pa zitunda. Pamwamba penipeni pali nkhalango zitatu, Mughese, Wilindi ndi Matipa, zobiriwira chaka chonse, m'mawa nkhungu ili m'zigwa pansi panu. Uchi wa kumeneko ndi wabwino kwambiri. Popita mumadutsa ku Karonga komwe kuli nyumba yoonetsera mafupa a Malawisaurus, chinyama chamakedzana cha mtundu wa dinosaur, ndipo msewu wa Karonga mpaka Chitipa ndi tala, umadutsa kufupi ndi mgodi wa Kayelekera. Povuta ndi kuyambira pa Kapoka. Nthawi ya mvula ine ndinagonapo panjira, lole itatitimira m'matope mpaka ma akiselo, tinachita kuwotcha nthochi zopempha pamudzi. Mu Ogasiti ndi fumbi chabe. Chaka china mudzapatule sabata yathunthu, mudzapeze galimoto yokwera, mudzapite.

Dalaivala_Tsangano
Ndipo wina asabweretse za Nyika paulendo uno. Ndikudziwa kuti mukafika ku Rumphi mtima udzakuuzani kuti mbidzi zili pafupi. Kuchoka pa Rumphi kudzera pa geti ya Thazima mpaka ku Chelinda ndi makilomita oposa 100 a msewu wovuta, theka la tsiku latha. Nyika ndi paki yaikulu kuposa onse m'dziko muno, imafuna ulendo wakewake.

Kachewere265
Komanso kuzizira kwa ku Chelinda ngakhale wa ku Bembeke amapempha bulangete lachiwiri.

Mayi_a_Mvano_Linthipe
Langizo langa ndi la kukhitchini. Tengani ufa wanu, nyemba, kabichi ndi thumba la mbatata, muli nazo zambiri. Malo ambiri ogona amalola kuphika nokha mukapempha. Ndipo popita kwa mlimi musapite chimanjamanja. Munthu akusiya ntchito yothyola kuti akuyendetseni m'munda, kandowa ka mbatata ya ku Dedza kadzamusangalatsa kuposa zikomo wapakamwa. Mafuta a galimoto muthire paliponse pamene mwawapeza, musadikire kuti tikathira kutsogolo.

Mphunzitsi_wa_Bembeke
Takumana dzulo titaweruka ku tchalitchi ndipo ndawerenga zonse. Mavoti ayenda motere: Livingstonia 9, Ntchisi 3, Thyolo 2. Tidzera ku Njakwa monga anenera a Dalaivala, Nyika ndi Misuku tazisiya. Atatu a Ntchisi aja, omwenso ndi amene ali ndi chidwi chenicheni chobzala, agwirizana kuti apita paokha pa minibasi mu Seputembala. A Biriwiri, kodi kuti tikaone pulpery ikugwira ntchito tiyambire ku ofesi ku Mzuzu kapena tikangofunsa komweko?

Biriwiri_ku_Mzuzu
Yambirani ku ofesi, lembani kalata kukadali milungu iwiri, iwo akulumikizani ndi a gulu la Phoka. Mukapemphe kuti mukafike masana cha m'ma 3 koloko, nthawi imene alimi amabwera ndi zipatso. M'mawa mukangopeza matebulo oyanikira.

Mtsikana_wa_Ntchisi
Atatuwo andipeze ku inbox, ndiwauza pokatsikira.

Chongoni_Boy
Kosita ikamadutsa pa Linthipe muyang'aneko kumanja, phiri la Chongoni lili pomwepo. Kuyang'ana n'kwaulere.